Nsalu Imene aNambewe Ankasiya M'kati

Chatha chaka chimwalirire apongozi anga, aNambewe. Loweruka lapitali tinakaika chiliza pamanda awo. Akulu a mpingo atatha kupemphera, anthu anayamba kuwatamanda. Wina anati anali mayi wachifundo, wina anati sankajomba kutchalitchi ngakhale mvula igwe chotani. Zonsezo n'zoona, koma n'zimene zimanenedwa pa chiliza cha aliyense. Za diresi panalibe anatchula. Inenso sindinalitchule pakati pa amayi anzanga, chifukwa diresilo ndinaliwononga ndine, ndipo anthu ambiri sadziwa mmene zinayendera.

Kuno kwa Njombwa, akazi ambiri amsinkhu wanga ndi ena aakulu kuposa ine amene anamanga ukwati kutchalitchi anavala diresi limodzi lomwelo. Linali la aNambewe. Analisoka okha akadali ndi mwana mmodzi kumsana, pofuna kudalitsa ukwati wawo amuna awo atabwerako ku Halale kumene ankagwira ntchito. Bambowo anabwera ndi zinthu ziwiri: makina osokera opukusa ndi dzanja, ndi nsalu yoyera yosalala imene anthu akuno anali asanaionepo. Ukwati wawo utadalitsidwa, diresilo silinapume. Mtsikana aliyense amene makolo ake analibe choti n'kumuveka ankabwera kudzabwereka, kaya ndi wa m'mudzi muno, kaya ndi mwana wa matenanti a kuesiteti. Sankalipiritsa. Lamulo lawo linali lakuti munthu asambe m'manja asanaligwire, makamaka nyengo yothyola fodya, pamene manja a aliyense amakhala akuda ndi utomoni.

Ankalisunga m'bokosi lachitsulo kunsi kwa bedi, litakulungidwa m'nsalu yakale, masamba awiri atatu a fodya wouma ali pakona kuti njenjete ndi mphemvu zisalowemo. N'chifukwa chake akwatibwi akuno ankanunkhira fodya pang'ono, ndipo amuna ankanyozana kuti wakwatira belo.

Ine ndinabwera m'mudzi muno chitengwa, kuchokera kwa Kaomba. Tsiku limene azakhali anga anandiperekeza kudzaonekera, ndinagwada patali, maso pansi. Apongozi anali pakhonde, makina ali patsogolo pawo. Sanandifunse za kwathu. Anandiyang'ana kuyambira m'mapewa mpaka m'chiuno.

"Taimirirani, apongozi. Tembenukani. Bulauzi imeneyi anakusokerani ndani?"

Ndinati telala wa kwathu.

"Ameneyo munamulakwira chiyani?"

Amayi onse amene anali pakhondepo anafa nacho chiseko, azakhali anga omwe. Iwo osaseka, anang'amba kansalu kakatali kopyapyala n'kuyamba kundiyeza. Tepi sankaigwiritsa ntchito. Ankazunguliza kansaluko pachifuwa n'kumanga mfundo, m'chiuno mfundo, kutsika mpaka m'miyendo mfundo. Mkazi aliyense anali ndi kansalu kake, ndipo ankatidziwa ndi mtundu wake. Ukabwera patapita chaka, ankatenga kako n'kukuuza kuti wanenepa kapena amuna ako akukuvutitsa, iwe usanatsegule pakamwa.

Chimene ankalimbikira kuposa zonse chinali kusadula. Ankati thupi la mkazi silikhala pamodzi. Lero ndi mtsikana, mawa ndi woyembekezera, nyengo ya dzinja wawonda ndi khasu ndi njala, fodya akagulidwa wadzaza. Kwa iwo telala wodula nsalu ndendende anali munthu wosaganiza za mawa. Chovala chilichonse chochoka m'manja mwawo, ngakhale cha mwana wa sukulu, chinkakhala ndi nsalu ya zala zitatu m'mbali yopindira m'kati, ndi mpendero wa chikhatho chathunthu m'munsi. Akazi ena ankadandaula kuti akutha nsalu pachabe. Omwewo ankabweranso mimba itakula, ndipo aNambewe ankamasula msoko uku akuwakumbutsa mawu awo onse.

Diresi la ukwati kunja linkaoneka ngati lina lililonse. Nkhani inali m'kati. Ukalitembenuza, mbali zonse ziwiri zinali ndi nsalu yambiri yopindidwa bwino n'kusitidwa, ndipo pansalupo panali misoko yoyandikana ngati mizere ya m'munda. Akamalibweza kuti likwane mtsikana wowonda, msoko wakale sankaumasula, ankangosoka wina m'kati mwake. Akamalikulitsa, ankamasula watsopanowo, koma timabowo ta singano tinkatsala. Mzere uliwonse ankadziwa mwini wake. Ankayendetsa chala n'kumatchula: uwu ndi wa aNaphiri a kutsidya kwa dambo, chaka cha njala chija, chiuno ngati mavu, uwu ndi wa mwana wa aphunzitsi amene pabanja anangokhalapo miyezi itatu, uwu ndi wanu, apongozi, munkanjenjemera mpaka ndinakubayani ndi pini.

Panali mzere umodzi umene ankaudumpha. Ankangoti ameneyu tisamutchule. Koma nkhani yake ankaisimba, dzina lokha n'kubisa. Mtsikanayo anabwera kudzayesa diresi ukwati utalengezedwa kale kutchalitchi, ndipo mfundo za pakansalu zinawauza zimene akulu a mpingo sankadziwa. Sanamufunse kanthu. Anakweza chiuno cha diresi n'kuchiika pansi pa mabere, makwinya ambiri n'kumatsika momasuka. Amayi a mpingo atadabwa, anawauza kuti ndi mmene akuvalira m'tauni tsopano, ndipo amene sakudziwa ndi wotsalira. Chaka chimenecho akwatibwi ena awiri, opanda chobisa chilichonse, anapempha kuti awasokere chimodzimodzi.

Mzere wakunja kwenikweni, m'mphepete mwa nsalu, unali wawo. Anali munthu wamtali, wa mapewa aakulu, ndipo ankanyadira kuti palibe mkwatibwi wina amene analidzazapo diresilo ngati iwo.

Za zovala za akazi ankazidziwa kuyambira kale kwambiri, ndipo ankazisimba akugwira ntchito, mapini ali pakamwa, moti mawu ena tinkachita kulota. Ankati amayi awo ali mwana ankavala nyanda, khungwa la mombo limene amuna ankalimenya ndi kamtengo mpaka lifewe, ndipo mvula ikalinyowetsa linkauma gwa n'kumakanda ntchafu. Kenako kunabwera biriwita, nsalu yakuda imene akazi ankaimanga pachifuwa, mikanda ili m'chiuno. Inkasuluka m'thupi, moti mkazi wovala yatsopano ankadziwika ndi khungu la m'khwapa. Iwo ali mtsikana, m'dera lonse lino diresi anali nalo mkazi wa mphunzitsi yekha. Anadzipereka kuti azikamuchapira, osati chifukwa chokonda kuchapa. Akafika kumtsinje ankalitembenuza n'kukhala pamwala, kuyang'ana mmene dzanja lalumikizirana ndi phewa, mpaka dzuwa kupendeka. Kusoka anali atazolowera kale m'chigafa, kutunga masamba a fodya ndi singano yaitali ija. Diresi lawo loyamba analisoka pamanja ndi nsalu ya matumba a ufa, ndipo malemba a pathumba anakana kuchoka, anatsala kumatako. Ankati tsiku limenelo anyamata onse a m'mudzi anaphunzira kuwerenga.

Ankatinso munthu akafuna kudziwa chaka asavutike kufunsa aphunzitsi, angoyang'ana manja a diresi. Kunali nthawi ya manja aatali othina okhala ndi timabatani, kenako timanja tatifupi totukumuka, kenako mapewa oikamo thonje, akazi n'kumayenda ngati akufuna ndewu. Diresi la ukwati linadutsa monsemo. Manja akale akawachotsa ankawapinda n'kuwaika m'kathumba, chifukwa ankati zovala zili ngati mlendo wa kufupi, amatsanzika koma amabweranso.

Nkhani imene ankaikonda kuposa zonse inali ya mpendero. Panafika nthawi imene atsikana obwera kutauni ankavala madiresi olekeza pamwamba pa mawondo, ndipo matelala a pamsika anadula madiresi a anthu osawerengeka. Mkwatibwi wina anaumirira kuti nalo la ukwati lifupike. Iwo analifupikitsa, koma popinda kawiri m'kati, sizasi osaigwira. Sipanatenge zaka zambiri, boma linaletsa akazi kuvala zazifupi ndi mathalauza, ndipo anyamata a chipani ankabweza amayi panjira ya kumsika mawondo akaoneka. Akazi anadzaza pakhonde ndi madiresi awo oduladula. Iwo ankalumikiza chidutswa cha chitenje m'munsi uku akukalipa, wina aliyense ndi gawo lake. Koma la ukwati anangomasula ulusi, kulisita ndi simbi ya makala, masana amodzi linali litafikanso m'mapazi. Akafika pamenepa ankachotsa mapini pakamwa kuti aseke bwino.

Sanali munthu wofatsa. Mkulu wa mpingo wina, aChisale, anadzudzula pagulu kuti manja a diresilo afupika mopitirira. Mawa lake anawatumizira mbale yovundikira bwino ngati muli chakudya. Atavundukula anapezamo singano ndi ulusi. Nkhaniyo inathera pomwepo, koma awiriwo anatha chaka akupatsana moni wa pakamwa pokha.

Lamulo la zovala litatha, mwana wawo wamkazi, alamu anga aEsinati amene amakhala ku Lilongwe, anabwera kumudzi atavala thalauza. Tonse tinadikira kuti kugwa chinthu. Apongozi anawaitana pafupi, n'kugwira mwendo wa thalauzalo, kuupinda, kuyang'ana m'kati.

"Anakubera, mwanawe. Sanasiyemo kanthu. Ukangonenepa pang'ono ulitaya."

Basi. Za kuvala thalauza sananenepo. Chimene chinawapweteka chinali kaunjika, chifukwa anthu anachepa pakhonde. Komabe tsiku la msika ankapita, n'kumatembenuza zovala za pamulu chimodzichimodzi osagula, ogulitsa mpaka kutopa nawo. Akapeza chakale chokhala ndi nsalu m'kati ankachikweza m'mwamba n'kunena kuti uyu yekha anali telala, kaya ndi wa dziko liti.

Mwamuna wanga, mwana wawo woyamba, atamwalira, apongozi sanalole kuti ndibwerere kwathu. Tinakhala nyumba zoyang'anana, ine ndikuwaphikira, iwo akundisokera. Kenako maso awo anachita ng'ala. Linayamba lamanzere, lamanja n'kumatsatira pang'onopang'ono. Singano ndinkawalowetsera ulusi ndine. Nthawi imeneyo n'kuti patapita zaka zingapo popanda wobwereka diresi, chifukwa atsikana anali atayamba kukachita hayala madiresi ku boma. Koma iwo chilimwe chilichonse ankalitulutsa, kuliyanika pamthunzi, kuwerenga mizere ndi chala n'kulibwezera.

Ndiye mwana wanga woyamba, Tadala, amene ankagulitsa m'sitolo ku Kasungu boma, anapeza banja. Anabwera kumudzi ndi chithunzi mufoni, n'kukhala pansi pafupi ndi agogo ake.

"Agogo, ndikufuna ngati ili."

Agogowo anayandikiza foniyo ku diso lamanja, kuitembenuza uku ndi uku.

"Mkazi mnzanga, ameneyu akuvala kapena akuvula?"

"Ndi mmene akuvalira masiku ano, agogo."

"Manja ali kuti?"

"Lilibe manja."

"Nanga miyendoyi? Amumanga ngati mbuzi yopita kumsika. Kuguwa akafika chodumpha?"

Tadala anaseka, koma titalowa m'nyumba analira. Anati kubwera anzake a ku boma, adzajambula, ndipo iye safuna kuoneka ngati chithunzi cha pakhoma la agogo. Ankafuna kukachita hayala. Ine ndinakana. Ndinati mdzukulu woyamba wa aNambewe sangavale diresi la eni, la agogo ake lili m'bokosi. Tinagwirizana kuti avala lomwelo, koma likonzedwe kuti lifanane ndi la pachithunzi. Apongozi anavomera mosavuta kuposa mmene ndinkaganizira.

"Kuthina ndithinitsa. Manja tiika aafupi aja, abusa angathawe. Koma ndisoka ndekha."

Anakhala nalo pakhonde masiku atatu. Dzanja lopukusa makina linali lamphamvu ngati kale, koma msoko unkapita kwina. Tsiku loyamba analumikiza kutsogolo ndi kumbuyo, diresi n'kutsekeka pakati. Anazindikira ndi chala, anamasula, anayambiranso. Tsiku lachiwiri anadzibaya, dontho la magazi n'kugwera pansalu, iwo osaliona. Ndinadikira kuti apite kuseri, ndinalitsuka ndi madzi ozizira. Tsiku lachitatu Tadala analiyesa. Mbali imodzi inakwera, ina inatsika, pamimba panachita thumba.

"Lakhala bwanji?" anafunsa agogo ake.

"Lakhala bwino, agogo."

Koma maso ake anali pa ine. Ukwati unali utatsala milungu iwiri.

Mawa lake kunabwera uthenga wa maliro a msuweni wawo ku Chisemphere, ndipo anapita kukagona komweko masiku atatu. Atangokwera galimoto, ndinalowa m'nyumba mwawo, ndinakoka bokosi, ndinatenga diresi. Ine ndi Tadala tinapita nalo ku boma, kwa telala wina wodziwika ndi madiresi a ukwati, bambo waulemu, wa makina amagetsi. Atalitembenuza anaimba mluzu.

"Mayi, nsalu yonseyi ndi ya chiyani? Muli diresi linanso m'katimu."

Ndinati ndi mmene eni ake amasokera.

"Amene anasoka apa amaidziwa ntchito, sindikutsutsa. Koma kuti lithine ngati la pachithunzipa, zonsezi ziyenera kuchoka. Zikatsala, mwanayu azioneka ngati wabisa mbatata m'chiuno. Ndidule?"

Ndinayang'ana Tadala. Bamboyo anafunsanso.

"Ndidule, mayi? Ndikadula sizibwerera."

Sindinganame kuti sindinkadziwa. Mizere ija ndinkaiona, wanga womwe unali pomwepo. Koma ndinaganiza kuti obwereka anatha, kuti apongozi saonanso, kuti mwana wanga tsiku lake ndi limodzi lokha. Tadala anali ataima pambali, akupotokola chala cha mphete. Ndinati, "Dulani."

Ali ndi makina ena amene amati ovaloko, amene amadula nsalu uku akumanga m'mphepete. Sizinatenge nthawi. Nsalu ija inkagwa pansi m'mizeremizere ngati makoko a chinangwa. Mpendero nawo anaudula, n'kuumba m'munsi mwatsopano. Titapita kukalitenga, Tadala analivala, ndipo ndinene zoona, linali lokongola. Mwana wanga anadziyang'ana pagalasi n'kugwira pakamwa. Tsiku limenelo ndinabwerera kumudzi ndili wosangalala.

Apongozi anafika masana a tsiku lachitatu. Atasamba ndi kudya, anakhala pakhonde n'kunena kuti ndiwatulutsire diresi apitirize, masiku akutha. Ndinagwada.

"Amayi, diresi latha. Ndinapita nalo kwa telala ku boma, kuti musavutike ndi maso."

Anakonza chitenje pamiyendo.

"Bweretsani."

Anapempha madzi, anasamba m'manja, anapukuta pachitenje. Analiyala pamiyendo, kuligwiragwira kunja, kenako analitembenuza. Anaika chala chachikulu kukhwapa kwa diresi n'kutsika nacho mpaka m'munsi. Panali kamsoko kamodzi kopyapyala ngati chingwe. Anapita mbali inayo, chimodzimodzi. Anafufuza mpendero. Anabwereranso kukhwapa, ngati kapena chala chalakwitsa.

"Amake Tadala."

"Wee, amayi."

"Anthu aja ali kuti?"

Chala chawo chinali chikadali pamsoko.

"Anakufunsani asanadule?"

"Anandifunsa."

"Inu munati chiyani?"

"Ndinati adule."

Ndinadikira kukalipa kwawo kuja, ndipo ndinkakufuna. Sikunabwere. Anayendetsanso chala pamsokopo pang'onopang'ono.

"Dzanja lake ndi lowongoka, mnyamata ameneyu. Wasoka bwino. Koma wasokera munthu mmodzi."

Kenako anafunsa ngati ndinabwera ndi zidutswa, chifukwa kwa iwo telala aliyense amabweza zidutswa kwa mwini nsalu, ngakhale kachepe ngati khutu la mbewa. Ine zimenezo sindinaziganize n'komwe. M'mawa mwake ndinakwera basi yoyamba kubwerera ku boma. Telala uja anandilandira bwino, anafufuza m'makatoni ake onse, koma zinali zitasesedwa n'kutenthedwa ndi zinyalala kuseri kwa sitolo. Anapepesa kwambiri, anandipatsa chidutswa cha nsalu yoyera yatsopano kuti ndikawapatse. Apongozi atachigwira anati ndi nsalu yabwino, ndisungire mwana wa Tadala akadzabadwa, koma singalumikizane ndi yawo. Anati yawoyo yadya zaka, kuyera kwake si kumeneku.

Ku ukwati anapita. Anavala chilundu chawo ndi duku lalikulu, analulutira, anavina pang'ono atagwira ndodo. Nthawi yogwadira makolo itafika, Tadala analephera kupinda mawondo chifukwa cha kuthina, mpaka anzake anachita kumugwira m'manja.

"Ndinanena ine, mkazi mnzanga! Mbuzi ya kumsika!"

Anthu anaseka, Tadala yemwe. Amayi a mpingo anawazungulira n'kumati, aNambewe, dzanja lanu silikalamba, diresi lomwe lija mwalisandutsa la mufoni. Ine ndinali pomwepo, ndikugawa mbale. Anayankha kuti anathandizidwa ndi maso a amake Tadala. Sanawonjezere kanthu, tsiku limenelo kapena lina lililonse.

Kuchokera pamenepo makina anawavundikira ndi chitenje. Diresi litachapidwa ndinalibwezera m'bokosi ndekha, ndipo sanalitulutsenso. Pakhonde ankakhalabe, manja ali pamiyendo. Nane ankalankhula ngati kale, za mvula, za nkhuku, za mchere wochuluka m'ndiwo. Tsiku lina Tadala atabwera kudzationa, ndinaganiza zokonza pang'ono chimene ndinawononga. Ndinamupatsa kope ndi cholembera, n'kupempha apongozi kuti atchule akazi onse amene anavala diresilo, mwanayu alembe. Anavomera. Anatchula aNaphiri, anatchula mwana wa aphunzitsi, anatchula ine, ena asanu kapena asanu ndi mmodzi. Kenako anaima. Chala chawo chinkayenda pabondo, kufufuza.

"Pali wina pakati pa aNaphiri ndi wa kuesiteti uja. Wamfupi. Ankaseka kwambiri."

Tinadikira.

"Ayi, zandithawa. Ine ndinkawerenga ndi chala, amake Tadala. Pamutu pokha sindingathe."

Tadala anatseka kope. Ndikanakonda akanandimenya.

Apongozi anadwala mwezi wozizira, chifuwa, milungu iwiri yokha. Tsiku lina masana ndikuwasambitsa ndinawapepesa, koyamba ndi mawu enieni. Ndinati ndinalakwa, ndinadziwa, ndinadulitsabe. Anadikira kuti ndimalize kuwapukuta. Kenako anati, "Inu munachitira mwana wanu. Ine ndinkachitira ana a eni. Tanditembenuzani, mbali iyi yatopa." Ndinawatembenuza. Patapita masiku anayi anatisiya.

Pogawa katundu, alamu anga aEsinati anatenga makina ndi tebulo lake kupita nazo ku Lilongwe. Bokosi lachitsulo abale anagwirizana kuti likhale ndi ine, chifukwa ndine ndinawasamala mpaka mapeto, ndipo akuti ndine ndingalisunge bwino. Ndinalandira ndi manja awiri.

Mwezi wathawu, fodya atayamba kugulidwa, kunabwera mayi wina wa kuesiteti ndi mwana wake wamkazi, mtsikana wathupi, wa manja olimba ndi ntchito. Mayiyo ndinamuzindikira, anamanga ukwati chaka chimodzi pambuyo pa ine. Anati fodya wawo sanachite bwino, za hayala sangazithe, koma amva kuti ngakhale agogo anapita, diresi lilipo. Ndinalitulutsa. Tinalowa m'nyumba kuti mtsikanayo ayese. Silinadutse n'komwe m'mapewa.

"Musadandaule, amake Tadala," anatero mayi uja akuseka. "Inenso linkandikana chonchi. Agogo anangomasula m'mbalimu ine ndili chikhalire pakhondepo. Tibwerekeni lumo, timasula tokha."

Ndisanayankhe, analitembenuza yekha. Anayang'ana mbali iyi, anayang'ana inayo. Kuseka kunatha. Anaika chala pamalo ena pafupi ndi chiuno, pamene panalibe kanthu.

"Wanga unali apa."

"Ndinadulitsa ndine," ndinatero. Aka kanali koyamba kuuza munthu wa kunja kwa banja.

Sanandifunse chifukwa. Analipinda bwinobwino monga analipezera, anandipatsa, anathokoza kuti ndawalandira. Mtsikanayo anali atavala kale bulauzi yake, akuyang'ana pansi. Ndinawaperekeza mpaka pa chigafa. Ndamva kuti ukwati unachitika, mkwatibwi atavala siketi ndi bulauzi za chitenje, velo yobwereka ili kumutu.

Nyumba ya aNambewe ndi yotseka tsopano. Khonde ndimasesa m'mawa uliwonse. Pamene panali tebulo la makina patsala maenje anayi, ndipo ndikazira dothi latsopano amabisika masabata awiri n'kuonekeranso. Nthawi zina tsache limafukula pini yadzimbiri, ndimaitola kuti ana angaiponde. Chaka chino chigafa chinadzaza, ndiye fodya wotsala tinamupachika pakhonde pomwepo, ndipo atachoka palibe chinabwererapo koma nkhuku zimene zimadzasamba fumbi masana. Kanjira kamene kankapatuka kuchokera ku mjigo kudzera pakhondepo kamera udzu. Akazi amadutsa cha kumsewu ndi ndowa zawo, amandipatsa moni ali patali, n'kumapita.